Amayi akubwera mu Okutobala, masamba a ku Perthshire tikawaone liti?

Wa ku Dedza, Glasgow

Moni abale nonse. Ndithandizeni maganizo musanandiseke. Amayi anga apatsidwa visa, akufika kuno ku Scotland pa 8 Okutobala ndipo adzabwerera pakati pa Novembala. Ali ndi zaka 67, sanatulukepo kunja kwa Malawi kupatula ku Villa Ulongwe kukagula mbatata. Chaka chatha ndinawatumizira chithunzi chimene mnzanga wa kuntchito anajambula ku Pitlochry, tauni ya m'dera la Perthshire, phiri lonse lili psu, kwina chikasu, madzi a m'nyanja nawonso atatengera mtundu womwewo. Anandiyankha kuti, "Mitengoyo yadwala kapena aithira mankhwala?" Ndiye ndikufuna akaone ndi maso awo.

Vuto ndi la tchuthi. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo a bwana andipatsa zosankha ziwiri basi: sabata yachiwiri ya Okutobala, kapena sabata yoyamba ya Novembala. Ine ndakhala kuno zaka zitatu koma autumn, nyengo imene masamba amasintha mtundu n'kuthothoka, ndimangoyionera pa windo la basi popita ku shifiti. Galimoto ndilibe. Amayi mawondo amawavuta, phiri sangakwere, ngakhale iwo eni ake angakuuzeni kuti amapitabe kumunda wapansi. Ndisankhe sabata iti, ndipo tikaime pati?

Mkulu wa ku Perth

Achemwali, zikomo potengera amayi kuno, n'zosowa zimenezi. Ndakhala ku Perth zaka 14, ndipo msewu wa A9 ndimauyenda ngati wa kumudzi. Ndiyambe ndi zimene simunafunse.

Chotsani m'mutu zoti masamba okongola ali pamwamba pa phiri. Mapiri a kuno ndi a dazi. Mukadutsa mamita pafupifupi 600 mitengo imatha, kumatsala udzu, miyala ndi titchire ta heather. Ndipo musaope dzina loti Highlands, dera la mapiri la kuno: Ben Nevis, lomwe ndi lalitali kuposa onse mu Britain muno, ndi mamita 1,345 okha. Boma la Dedza lenilenilo, pamsika pamene amayi amagulapo tomato, lili pamwamba kuposa nsonga ya phiri limenelo. Mukawauza zimenezo aseka. Mitundu imene mukuifunayo ili m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje ya Tay, Tummel ndi Garry, ndiye nkhani ya mawondo isakudetseni nkhawa.

Tsopano za nthawi. Mitengo sisintha tsiku limodzi ayi, imapatsana mpata ngati anthu pa chigayo. Rowan ndi birch ndiye zimayamba, kumapeto kwa Seputembala kulowa mu Okutobala, makamaka kumtunda kumene kumayamba kuzizira. Birch imasanduka chikasu chowala. Kenako beech, umene umapsa ngati mkuwa, umafika pachimake cha kumapeto kwa Okutobala. Oak ndi waulesi, umachedwa. Womaliza ndi larch, mtengo wooneka ngati paini koma wothothola masamba ake, umasanduka golide kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka mu Novembala. Perthshire yadzaza ndi larch chifukwa mafumu a ku Atholl anadzala mamiliyoni ambiri. Umodzi mwa yoyambirira, wodzalidwa mu 1738, ukadalipo pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha ku Dunkeld.

Ndiye masabata anu awiriwo, onse akuphonya pang'ono. Yachiwiri ya Okutobala mudzapeza zigwa zikadali zobiriwira theka. Yoyamba ya Novembala mudzapeza larch ndi oak, koma birch itavula kale. Zaka zambiri zimene ndaona ine, pakati pa 18 ndi 30 Okutobala ndiye pamakhala phwando lenileni. Kachondereni kwa a bwana, kapena sinthanani ndi mnzanu masiku atatu.

Koma kalendala si imene imalamula, ndi mphepo. Mu 2023 ine ndinawerengera bwinobwino, ndinasungitsa malo ogona a apongozi anga pa 19 ndi 20 Okutobala. Namondwe Babet anafika masiku omwewo. Mzinda wa Brechin unamira, sitima zambiri zopita kumpoto zinaimitsidwa, ife tinangokhala m'nyumba kumwa tiyi ndi kumvera mvula. Titapita sabata yotsatira, kumtunda kunali mitengo yambiri ili mbulanda, masamba onse ali pansi ngati phala. Za m'chigwa zobisala ndi zimene zinapulumuka. Kuyambira pamenepo sindilipiriratu malo osabweza ndalama.

Mwana wa sukulu, Stirling

Bambo a ku Perth anena zoona, koma pa Novembala ndisiyana nawo pang'ono, mundikhululukire. Ngati a bwana akakamira pa masabata awiri aja, anti, tengani ya Novembala, musatenge ya Okutobala. Kufika mochedwa mumapezako kanthu, pansi pali mphasa ya masamba, larch ikuyaka. Kufika mofulumira mumangoona nkhalango yobiriwira ngati ya ku Chongoni, agogo adzati mwawavutitsiranji. Komanso pakati pa Okutobala ana a sukulu a ku Perth, Dundee ndi Angus amakhala pa tchuthi cha masabata awiri, chija amachitcha cha mbatata chifukwa kale ankapita kukakumba m'minda. Malo ogona amakwera mtengo. Onjezerani chionetsero cha magetsi cha Enchanted Forest ku nkhalango ya Faskally, chimene chimatenga mwezi wonse wa Okutobala, Pitlochry imadzaza madzulo aliwonse.

Choipa cha Novembala ndi mdima. Lamulungu lomaliza la Okutobala wotchi imabwerera ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo cha m'ma 4:30 masana dzuwa lalowa. M'chigwa mthunzi umafika isanakwane nthawi imeneyo. Muzinyamuka m'mawa.

Za mayendedwe, galimoto si yofunika kwenikweni. Sitima yochokera ku Glasgow Queen Street kupita ku Inverness imaima pa Pitlochry, ulendo wake sukwana maola awiri. Ina imaimanso pa Dunkeld and Birnam koma osati iliyonse, ndiye muonetsetse pogula tikiti. Mukadutsa Perth, agogo akhale pa windo, chifukwa njanji imatsata mtsinje wa Tay ndipo theka la zimene mwadzera mudzazionera pampando. Kuchokera pa siteshoni ya Pitlochry kukafika pa damu ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu wapansi. Mukaima pamwamba pa damupo mukuyang'ana nyanja ya Loch Faskally, mwina pomwe mnzanu uja anajambulira. Palinso makwerero a nsomba za salmon, timadziwe 34 totsatizana, tothandiza nsombazo kulambalala damu popita kukaswana kumtunda.

Popeza agogo anafunsa ngati mitengo yadwala, ine ndimaphunzira za nkhalango, ndiwayankheko. Tsamba limabiriwira chifukwa cha chlorophyll, chimene mtengo umapangira chakudya. Masiku akayamba kufupika mtengo umaphwanya chlorophyll uja n'kubweza zofunika zake m'nthambi, monga mmene munthu amakololera chimanga n'kusiya mapesi. Chikasu chinali m'tsambamo kale, chimangoonekera chobiriwira chikachoka. Chofiira ndiye chimapangidwa chatsopano kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba, ndipo chimafuna masana a dzuwa ndi usiku wozizira koma wopanda chisanu choundana. N'chifukwa chake chaka cha mitambo ndi mvula yosalekeza mitundu imakhala yozimiririka, khofi wokhawokha.

Mkulu wa ku Perth

Mwana wa sukuluyu wandigonjetsa pa za ana a tchuthi, ndinaiwala chifukwa anga anakula. Koma ndikakamirabe pa sabata yachitatu kapena yachinayi, pakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu.

Malo a mawondo ovuta ndi awa. Nkhalango ya The Hermitage, pafupi ndi Dunkeld: kuchokera poimika magalimoto kukafika pa mathithi a Black Linn ndi njira yabwino, yosakwera kwambiri, mwina mphindi makumi awiri pa liwiro la amayi. Kuchokera pa siteshoni ya Dunkeld and Birnam musayende nawo, tengani takisi. Pali kanyumba ka 1757 kotchedwa Ossian's Hall, mumalowa, kutsegula chitseko cha mbali inayo, mathithi ali pamphuno panu. Mvula ikagwa dzulo lake phokoso lake simumvana. Mukakhala ndi mwayi mudzaona salmon ikudumpha kulimbana ndi madziwo. Mitengo italiitali ya Douglas fir ya pamenepo sisintha mtundu, ndipo n'chimene chimakometsa, chifukwa beech amawala kwambiri kumbuyo kukakhala kwakuda.

Kwinako ndi Queen's View, poonera pamwamba pa nyanja ya Loch Tummel, mtunda wa mamailosi asanu ndi awiri kapena kupitirira pang'ono kuchokera ku Pitlochry. Poimika galimoto ndi poonera n'pafupi kwambiri. Kutsogolo kwanu kuli phiri la Schiehallion, mamita 1,083, ndipo nthawi zina kumapeto kwa Okutobala limakhala litavala kale kachipewa koyera ka chipale chofewa. Mfumukazi Victoria inafikapo mu 1866. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota, basi ndi yosowa. Pobwerera muime pa mlatho wa Garry, muyang'ane chigwa cha Killiecrankie kuchokera pamwamba. Kutsikira pansi pa chigwacho, pa mwala pamene amati msilikali anadumpha mtsinje pothawa nkhondo ya 1689, n'kotsetsereka ndipo masamba onyowa amaterera ngati therere. Amayi asatsike.

Ngati ndi pakati pa sabata ndipo sindili pa ntchito, galimoto ilipo, ndidzakunyamulani pa siteshoni. Malipiro ake amayi anditengere kapaketi ka nyemba za ku Dedza.

Gogo wa ku Mutare

Ine ku Scotland sindinafikeko, ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, makolo anachokera ku Ntcheu. Ndangodabwa kuti mukuti amayiwo sanaonepo mitengo yofiira. Anaiona, mwana wanga, kungoti ya kwathu imafiira pophukira, osati pothothoka. Kuno kumapeto kwa Ogasiti kulowa mu Seputembala, mapiri a Vumba ndi njira ya ku Nyanga amakhala psu ndi mitengo ya msasa, anthu amachoka ku Harare kudzajambula. Ndi banja limodzi ndi mombo ndi tsamba za kwanuko. Mvula isanagwe, udzu uli gwa, mwina utapsa ndi lupsa, mtengo umatulutsa masamba anthete ofiira, ena ngati vinyo, ena ngati mkuwa, kenako patapita masabata awiri kapena atatu n'kubiriwira. Nafenso timaphonya chimodzimodzi, chaka china amafulumira, china amachedwa. Afunseni za mapiri a kwawo mu Seputembala, akuuzani. Munthu wotola nkhuni sayang'ana kumwamba, n'chifukwa chake mwina sanaziwerengere ngati zokongola.

Ndipo muwagulire nsapato zotseka zosalowa madzi. Ndikuwadziwa anzanga a msinkhu umenewo, abwera ndi za ku tchalitchi.

Wa ku Dedza, Glasgow

Abale inu, Mulungu akudalitseni. Ndalankhula ndi mnzanga wa ku Ghana, wavomera kuti tisinthane, ine ndimugwirira Khirisimasi, iye andipatsa masiku atatu mu sabata yachitatu ya Okutobala, Lachiwiri mpaka Lachinayi. A bwana asayina. Sindisungitsa malo ogona, tidzayang'ana zanyengo Lolemba madzulo n'kusankha tsiku limodzi lowala mwa atatuwo, kupita m'mawa kubwera usiku. Mphepo ikatilanda, tidzayesanso Loweruka lina mu Novembala kukaona larch uja.

Bambo a ku Perth, ndakulemberani kumbali za galimoto. Nyemba ndawauza, akuti za kholophethe kapena nanyati, munene msanga asanamange katundu.

Gogo a ku Mutare, ndawawerengera amayi uthenga wanu pa foni dzulo. Anakhala chete pang'ono, kenako akuti, "Aa, zija za kuseri kwa phiri la Dedza, nthawi yososa? Ndiye tikwere ndege kukaona zimenezo?" Nditawafotokozera kuti kuno masambawo amagwa onse, kudzaza misewu, anthu n'kumawapemerera ndi makina kuwataya, funso lawo linali lakuti kodi palibe amene amawakwirira m'mizere. Nsapato ndagula kale, saizi 6, zikuwadikira pakhomo.