Injini ya 1NZ ikugogoda: timange kapena tisinthe?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndalandira Toyota ya injini ya 1NZ-FE, yaotomatiki. Ikugogoda chapansi, gu gu gu, makamaka ikatentha. Ukaponda moto kufika 2,500 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi) kenako n'kusiya, m'pamene imamveka kwambiri. Kompyuta sikuonetsa vuto. Mwiniwake akuti nyali ya oyilo yakhala ikuphethira galimoto ikangoima ikulira. Akufuna ndingothira oyilo wolemera wa 20W-50 azipita.

Mkulu wa galaja: Oyilo wolemerayo musathire, achimwene. Angobisa phokoso masiku ochepa, kenako con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft, idzaboola buloko. Pisitoni yogwedera imalira injini ikazizira, ikatentha imakhala chete. Yanuyo ikuchita zosiyana. Mavavu amalira pamwamba, te te te, ndipo pang'onopang'ono chifukwa camshaft imazungulira theka la liwiro la crankshaft. Chotsani waya wa injector imodziimodzi injini ikulira. Silinda imene phokoso lichepe, bering'i ya big end yake, pamene con rod imagwira crankshaft, ndiyo yatha.

Wamagetsi: Musanamasule sampu onaninso flexplate, chimbale chachitsulo cholumikiza injini ndi giyabokosi yaotomatiki. Ikang'aluka pafupi ndi mabawuti, kapena mabawuti oimangira ku torque converter ya giyabokosi akamasuka, imalira ngati injini yanoka ndithu. Ambiri atsegula injini zabwinobwino chifukwa cha chimenechi.

Wofunsa: Flexplate ili bwino. Nditachotsa injector yachitatu phokoso linatsala pang'ono kutheratu. Ndadula fyuluta ya oyilo, pepala lake ladzaza tizitsulo tonyezimira. Nditsitse sampu ndingosintha mabering'i kuchokera pansi?

Wa makina opala: Ayi, bwana, apa ndiye ndikukanani. Mabering'i atsopano pa crankshaft yokalika satha mwezi. Tsitsani sampu, masulani kapu ya con rod yachitatu, mudutsitse chikhadabo pa journal, malo a crankshaft amene bering'i imakhalapo. Chikakodwa, crankshaft ituluke. Ngakhale ikuoneka yosalala, iyezeni ndi micrometer mbali ziwiri, chifukwa imatha mosafanana ndipo diso silingaone. Ngati mizere si yakuya timapala 0.25 mm, inu n'kugula mabering'i a saizi yomweyo, n'kutsimikiza mpata ndi Plastigage, kaulusi kapulasitiki koyezera mpatawo, molingana ndi buku la injiniyo. Koma mukapeza bering'i yazungulira m'malo mwake, con rod yachita kubiriwira ndi kutentha, imeneyo isabwereremo. Bowo lake silikhalanso lozungulira bwino.

Mkulu wa galaja: Ndipo funso lalikulu simunalifunse: oyilo anasowa bwanji? Bering'i siingofa yokha. Onani strainer, sefa ya m'sampu imene oyilo amadzera popita ku pampu, ngati yatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wakale, yezani pampu, tsukani njira zonse za oyilo. Pa 1NZ musaiwale kasefa kakang'ono ka VVT-i (makina osintha nthawi yotsegukira mavavu) kamene kali kumutu kwa injini, kamasunga zinyenyeswazi. Mukamanga, presha ya oyilo muyeze ndi geji, osadalira nyali.

Wamagetsi: Ine ndikanamuuza mwini galimotoyo agule injini ina yogwirapo kale. Ntchito yake njachangu.

Wa makina opala: Njachangu inde, koma m'kati mwake simukudziwamo. Ngati agula, ayeze compression ndipo atsegule chivundikiro cha mavavu aone ukhondo wake asanalipire. Kwa ine, ngati masilinda ndi mutu zili bwino, kumanga yomweyi n'kwanzeru. Crankshaft, con rod ndi pampu zikakhala zonse zatha, pamenepo asinthedi.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Ndamuimbira mwiniwake kuti galimoto isalizidwenso. Mawa nditsitsa sampu, ndikutumizirani zithunzi za journal yachitatu ndi strainer tisanamuuze zogula.