Ndalama zosungira Chingoni cha agogo tingazipeze kuti?

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Rosettenville:

Abale anga amene muli kuno ku Joni, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Agogo anga aamuna, amene ali kumudzi kufupi ndi Lizulu, ndi mmodzi mwa okalamba ochepa amene amaimba nyimbo za ngoma n'kutha kumasulira mawu ake, pamene ambirife timangovina ndi kubwereza mawuwo osadziwa chimene akunena. Tsiku lina pa msewu wa Bree ndinamva mayi wachizulu akuitana mwana wake kuti "woza lapha", kutanthauza "bwera kuno", ndipo mtima unandigunda, chifukwa agogo ankatiitana chimodzimodzi tili ana. Nditapita kumudzi chaka chatha ndinawapeza mawu atayamba kunjenjemera, ndipo nyimbo ina anaisiyira pakati chifukwa mapeto ake anawathawa. Kodi alipo mabungwe amene amapereka ndalama zojambulira ndi kulemba ziyankhulo zimene zikutha, ndipo munthu wamba wogwira ntchito ya ulonda ngati ine angawafike bwanji?

Mphunzitsi wa ku Yeoville:

Achimwene, mabungwewo alipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Lodziwika kwambiri ndi Endangered Languages Documentation Programme, limene linayamba mu 2002 ku sukulu ya ukachenjede ya SOAS mumzinda wa London ndi thandizo la thumba la Arcadia, ndipo linasamukira ku Berlin mu 2021. Iwo amalipirira zipangizo, maulendo ndi nthawi ya ojambula, ndipo zonse zojambulidwa zimakasungidwa m'nkhokwe yawo ya pa intaneti yotchedwa ELAR. Ndalamazo zimadzera ku sukulu ya ukachenjede kapena bungwe lokhazikika, choncho mungachite bwino kulembera kalata a Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kuwafotokozera za agogowo ndi kuwafunsa ngati pali wophunzira amene angagwire nanu ntchitoyi. Mudzamvanso kuti United Nations inapatula zaka za 2022 mpaka 2032 kukhala za ziyankhulo za eni nthaka, ndipo mfundo imeneyi ingalimbitse kalata yanu, ngakhale kuti pakokha sithumba loti munthu n'kukatapamo.

Mayi wa ku Thyolo, Turffontein:

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndikufuna kuti mwana wathuyu asiyanitse kujambula chiyankhulo ndi kuchidzutsa, chifukwa opereka ndalama ambiri amakonda choyambacho. Chitsanzo tili nacho m'dziko lomwe lino. Mawu olembedwa pansi pa chizindikiro cha boma la South Africa ndi a chiyankhulo cha |Xam, chimene Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd anachilemba m'makope a masamba oposa 12,000 kuyambira mu 1870 ku Cape Town. Makopewo akusungidwa mwaulemu mpaka lero, koma palibe mwana amene amadzuka m'mawa n'kupempha phala m'chiyankhulo chimenecho. Yerekezani ndi gogo Katrina Esau a ku Upington, amene ataona kuti oyankhula chiyankhulo chawo cha N|uu atsala owerengeka, anayamba kusonkhanitsa ana pakhomo pawo n'kumawaphunzitsa nyimbo ndi mawu. Ulemu wa boma ndi mtanthauziramawu wa N|uu wa mu 2022 zinawapeza ali kale pa ntchito.

Ndikuyankhula chonchi chifukwa zinandionekera. Azakhali anga ankayankhula Chilomwe chenicheni, ndipo kunabwera anthu ofufuza amene anakhala nawo pakhonde masiku atatu, makina ali patebulo, iwo akusimba nthano ndi nyimbo za tchopa mpaka mawu kusasa. Pochoka anawasiyira shuga ndi sopo. Azakhaliwo anatisiya, ndipo ife a m'banja tilibe ngakhale mphindi imodzi ya mawu awo. Choncho aliyense amene angabwere ndi ndalama, mugwirizane naye polemba kuti zojambulidwazo zidzatsalanso m'manja mwa banja ndi a mfumu, ndiponso kuti agogo adzalipidwa monga mphunzitsi, pakuti ndiwo eni nzeruzo.

Bambo wa ku Dedza, Mayfair:

Mphwanga, kalata ya ku Zomba ulembe ndithu, koma usadikire yankho lake, chifukwa pempho la ndalama limatenga miyezi yambiri pamene agogo akukalambirakalambira. Foni imene uli nayo m'thumbamo ndi yokwanira poyambira. Ine ndinajambula amayi anga titakhala m'nyumba chitseko chili chotseka chifukwa cha mphepo ndi nkhuku, foni nditaitsamiritsa pa mtondo wovundikira, ndipo ndinkayamba ndi kutchula tsiku, mudzi ndi dzina la nyimbo. Uwapemphe aimbe kaye yonse, kenaka anene mawuwo pang'onopang'ono, pomaliza amasulire m'Chichewa, ndipo usawatopetse kupitirira ola limodzi. Ukatero utumize kwa abale awiri kapena atatu tsiku lomwelo, chifukwa foni imabedwa.

Za ndalama, ife a kuno timasonkherana mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya thupi lake likafike kumudzi, ndipo sindikuona chotiletsa kusonkha marandi ochepa kuti mawu a amoyo asungike. Ine ndiyamba ndi R200.

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Rosettenville:

Zikomo kwambiri makolo anga nonse. Kalata ndiilemba Lamlungu likubwerali, ndipo tikiti ya basi ya pa Park Station ndigula ya kumayambiriro kwa Disembala, kuti ndikafike mvula isanayambe kusokosa pa malata. Chimene ndikupemphanso ndi munthu wodziwa bwino kulemba Chizulu amene angadzakhale nane pansi ndikabwerako, kuti tidzamvetsere limodzi ndi kuona mawu amene akufanana ndi amene anasintha.