Kodi CT siyokwanira pofufuza chotupa cha mkati mwa khutu?

Nangondo:
Mwana wanga wa zaka 14 wakhala akutuluka mafinya onunkha m'khutu lamanzere kwa nthawi yaitali, ndipo khutulo silikumvanso bwino. Dokotala wa makutu akuganiza kuti kuseri kwa nembanemba ya m'khutu kuli chotupa chotchedwa cholesteatoma. Mwanayo anajambulidwa kale ndi CT, makina oona mkati mwa thupi ndi cheza cha X-ray, koma adokotala akufunanso MRI, makina ojambula ndi maginito, asanachite opaleshoni. Kodi chithunzi choyambacho chili ndi vuto lanji?

Wojambula odwala:
Mayi Nangondo, chithunzicho chilibe vuto, kungoti makina awiriwa saona zinthu zofanana. CT imaonetsa bwino mafupa. Cholesteatoma si khansa, koma ndi khungu lounjikana pamalo olakwika, ndipo likamakula limadya fupa pang'onopang'ono, makamaka timafupa titatu tonyamula mawu, malleus, incus ndi stapes. Dokotala amafuna kudziwa ngati fupa lotchinga mtsempha woyendetsa nkhope kapena lolekanitsa khutu ndi ubongo ladyeka, chifukwa m'malo amenewo mpeni uyenera kuyenda mosamala kwambiri.

Kufooka kwa CT n'kwakuti mafinya, madzi, mnofu wotupa ndi cholesteatoma zonse zimaoneka ngati mthunzi umodzi wotuwa. MRI ya mtundu wa DWI, yomwe imaona mmene madzi amayendera m'minofu, ndiyo imasiyanitsa zimenezi, pakuti cholesteatoma imawala pachithunzicho ngakhale ikhale yaing'ono ngati mamilimita 3.

Gama:
Ndiwonjezere kuti MRI sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray, zomwe n'zofunika kwa mwana amene angadzajambulidwe kangapo. Chotupachi chimatha kubwerera pambuyo pa opaleshoni, ndipo madokotala ambiri masiku ano amachilondola ndi MRI m'malo motsegulanso khutu n'cholinga chongoona.

Namwino wopuma:
Mumufunse mwanayo ngati amamva phokoso logunda mofanana ndi mtima m'khutumo. Ngati alimva, muwauze adokotala, chifukwa chizindikiro chimenechi chimaloza ku zinthu zina, monga chotupa chodzaza magazi chotchedwa glomus tympanicum, chimene kawirikawiri chimagwira akuluakulu, kapena mtsempha waukulu wa magazi umene wadutsa panjira yachilendo. Zinthu zofiira zotere siziyenera kubooledwa kapena kudulidwa zisanajambulidwe, popeza magazi amatha kutuluka moopsa. Musaiwalenso kunena ngati m'thupi mwake muli chitsulo chilichonse, chifukwa maginito a MRI ndi amphamvu zedi.