Magolovesi ang'ambika, akapitawo akuti ndigule ndekha

Wa ku Bvumbwe: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimapopera mankhwala opha udzu m'munda wa tiyi kuno ku Thyolo. Magolovesi anang'ambika mwezi watha, sipuleya nayo ikudontha kumsana, moti ndikaweruka malaya amakhala chinyowere. Tsopano manja ayamba kuyabwa, khungu likusupuka pakati pa zala. Akapitawo akuti ndigule ndekha ena. Kodi ndi mmene ziyenera kukhalira?

Mayi a ku Luchenza: Ayi achimwene. Lamulo la 1997 loteteza anthu pantchito limati bwana ndiye apereke zodzitetezera: magolovesi, jombo, ovolosi. Akakana, kadandauleni ku ofesi ya leba kuboma.

Mkulu wa ku Chitakale: Ndinapoperapo zaka zambiri, mwana wanga. Dzuwa likaswa mtengo ndinkavula masiki chifukwa cha thukuta, lero chifuwa sichindichoka. Musapopere moyang'anana ndi mphepo. Ovolosiyo muzichapa payokha, osaisakaniza ndi zovala za ana, ndipo musagwire nsima musanasambe ndi sopo. Sipuleya yodonthayo ikaneni ndithu.

Wa ku Bvumbwe: Zikomo bambo. Mawa ndiyamba ndapita kuchipatala, ndatenga kale chithunzi cha chigubu cha mankhwalawo kuti adokotala akaone.