Za ufa wa mabakiteriya woti tizithira m'madamu a gulu

Msungichuma: Akuluakulu, moni nonse. Achimwene athu a ku Johannesburg akufuna kutumiza mapaketi a probiotic, ufa wa mabakiteriya abwino, woti tizisakaniza ndi madeya m'madamu athu atatu aja. Ndisanatulutse ndalama yonyamulira, tiyankhulepo.

Achimwene a ku Joni: Ine ndaona ndi maso pa famu imene ndimagwirapo. Madzi sanunkha, nsomba zimadya bwino. Makumba athu amatha miyezi yambiri akadali ngati chala, tizingoyang'ana?

Mlongo wa ku Bunda: Achimwene, sindikukana, mabakiteriya abwino otchedwa Bacillus subtilis amathandizadi m'mimba mwa nsomba. Nkhawa yanga ili pa paketiyo. Zolembedwa kunja nthawi zina sizifanana ndi zili m'kati. Bacillus ali ndi mbale wake, Bacillus cereus, amene poizoni wake amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba munthu. Ena monga Enterococcus amatha kukhala osamva mankhwala a antibayotiki, n'kupatsira khalidwe limenelo tizilombo tina ta m'madzi. Tsono madzi a damu la kumunsi lija amatsikira mu mtsinje momwe amayi amachapira ndi kutsuka mbale, ana akusamba pomwepo, kenako n'kukalowa mu Bua. Mvula ikasefukira, mudzawabweza bwanji?

Amalume a kumudzi: Mwana wanena zoona. Ine ndimakhala pompo. Mu 2020 tinatola milamba ya zilonda ndi manja athu kuno ku Mchinji, msika wa nsomba unafa. Zachilendo m'madzi mwathu ayi.

Mlongo wa ku Bunda: Amalume, matenda aja a zilonda za nsomba, otchedwa EUS, sanabwere ndi mabakiteriya, chinali chinguwi cha m'madzi, tisasokoneze. Koma mantha anuwo ndikuwamva. China, ambiri amathira ufawu pamodzi ndi molasesi, madzi akuda otsekemera otsala popanga shuga. Mukapyoza muyezo, mabakiteriya amaswana n'kumaliza mpweya usiku, mbandakucha mupeza nsomba zili yasa kukamwa pamwamba pa madzi. Ku famu kwa achimwene kuli makina opopera mpweya. Ife tili nawo?

Achimwene a ku Joni: Tilibe, apo mwandigwira. Komabe kukaniratu ndiye ayi. Ndalama zanga ndikufuna zithandize kwathu.

Mayi a ku Lilongwe: Palibe akukana mtima wanuwo, bambo. Koma nsombazi azidya ndi adzukulu athu omwe. Ndipo kodi vuto si chakudya? Madeya okhaokha, manyowa a nkhuku tinasiya kuthira kalekale.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Achimwene, jambulani paketiyo mbali zonse ziwiri, dzina la bakiteriya ndi tsiku lothera mphamvu zioneke. Mlongo mupite nazo kwa alangizi a za nsomba ku boma, iwo afunsenso ku malo ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi. Akavomera, tiyesa damu la kumtunda lokha, lija losatulutsa madzi. Msungichuma, ndalama isatuluke kufikira Loweruka likubwerali.

Amalume a kumudzi: Alangiziwo abwere adzaone okha ngalande yotulutsa madzi a damu la kumunsi ija. Ndiwadikirira pa mlatho.