Amayi a zaka 46, thukuta la usiku, malungo palibe, TB palibe: ndiwathandize bwanji?

Namwino wa ku OPD: Anzanga ndipatseniko nzeru. Pali amayi ena a zaka 46 amene akungobwerabwera kuno. Akuti usiku amadzidzimuka chitenje chitanyoweratu ndi thukuta. Masana kutentha kumawayamba pachifuwa n'kukwera kumaso, pakapita mphindi zingapo kwazilala. Mtima ukumathamanga, tulo sakupeza. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu ka mRDT sikanaonetse malungo, makhololo tinatumiza ku makina oyezera TB a GeneXpert ndipo TB palibe, HIV alibe, BP ndi shuga zili bwinobwino. Buku lawo la kuchipatala langodzaza Panado. Lero abwera ndi achemwali awo, akuti kunyumba anthu ayamba kunena zopita nawo ku Mental, chipatala cha matenda a misala, chifukwa akungopsa mtima ndi kulira popanda chifukwa. Ena akuti alodzedwa.

Mzamba wamkulu: Mwana wanga, za msambo munawafunsa?

Namwino wa ku OPD: Ndangowafunsa kumene a Sister, akadali panja. Akuti chiyambire chaka chatha msambo sukuyenda mwa masiku ake. Umatha kudumpha miyezi iwiri, ukabwera umabwera wambiri, wa magazi oundana. Samanena chifukwa amaona ngati si matenda.

Mzamba wamkulu: Ndiye nkhani ili pamenepo. Amayiwa akuoneka kuti ali m'nyengo yoyandikira kusiya kusamba, ija m'mabuku timaitchula kuti perimenopause. Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo timati asiyadi pakatha miyezi 12 yathunthu osaona msambo. Koma mavuto amayamba kale tsikulo lisanafike, kwa ena zaka zingapo ndithu. Mazira akamatha, estrogen, mmodzi wa mahomoni a chikazi, satsika mwadongosolo ayi, mwezi uno wakwera, mwezi wamawa wagwa. Mwezi umene dzira silinatuluke progesterone, mnzake wa estrogen, amachepa, ndiye khungu la mkati mwa chiberekero limangokhuthala, potuluka n'kutuluka lambiri nthawi imodzi. Ndiwo magazi oundana akunenawo. Estrogen yemweyo amakhudzanso mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi, n'chifukwa chake munthu amatuluka thukuta ngakhale mu June kuno ku Zomba anzake atafunda mabulangete awiri. Tsono ganizani, munthu wosagona miyezi yonseyi, m'mawa ali kumunda kapena pamsika, angalephere kupsa mtima? Zimandiwawa kuona mayi wotere akutchedwa wamisala ndi ana amene anawabereka yekha.

Clinical Officer wachinyamata: Nanga osangowatumiza ku lab ya private akayezetse FSH, homoni ija imakwera mayi akamasiya kusamba, kuti titsimikize?

Mzamba wamkulu: Ayi achimwene, tingowaonongera ndalama. Kwa mayi wopitirira zaka 45 amene msambo wasokonekera ndipo ali ndi zizindikiro zimenezi, mbiri yake ndi yokwanira. FSH m'nyengo imeneyi imasinthasintha, lero mupeza yokwera, sabata ina yabwerera. Akanakhala wosakwana zaka 40 bwenzi ndikunena zina, ameneyo ndi woti aonedwe ndi madokotala ku chipatala chachikulu cha Zomba Central.

Clinical Officer wa mbali ya ku Chingale: Ndikugwirizana ndi a Sister, koma tisafulumire kutseka buku. Choyamba yezani mimba. Mayi wodumpha miyezi iwiri ali ndi mimba mpaka mutaona ndi maso kuti alibe, zaka 46 anthu amaima ndithu. Chachiwiri Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuthamanga kwa mtimako kungakhale kuchepa kwa magazi kobwera ndi msambo wambiriwo. Muwagwirenso pakhosi ngati pali chithokomiro, muone ngati akuonda kapena manja akunjenjemera. Ndipo chonde muike speculum, kachipangizo kotsegulira kunjira kuti muone khomo la chiberekero. Kuno ku Malawi khansa ya khomo la chiberekero ikutitengera amayi ambiri zedi, ndipo nthawi zina imayamba ndi nkhani yomweyi ya "msambo wasokonekera". Afunseni ngati amaona magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, kapena chikazi chonunkha. Ngati VIA, kuyeza khomo la chiberekero popaka viniga kuja, sanapangitse, alembeni. Pamimba mukamva chotupa, scan. Magazi ochuluka akapitirira, atumizeni ku Zomba Central akaone mkati mwa chiberekero. Ndipo mayi amene anasiya kusamba chaka chathunthu kenako n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho, ameneyo musamusunge.

Namwino wa za maganizo: Ine ndingowonjezera kuti muwafunse paokha, achemwaliwo atatuluka, ngati ataya chidwi ndi zonse kapena amaganizako zodzipha. Nyengo imeneyi matenda okhumudwa amatha kugwira munthu, ndipo amachizika. Ngati zimenezo palibe, abale auzidwe momveka kuti si misala.

Namwino wa kulera: Kwathu ku kulera ndiye timakumana nawo kwambiri. Akangodumpha miyezi itatu amabwera kudzatsanzika, amvekere "ine ndakula, jakisoni basi." Ndimawakhazika pansi. Amene wasiya kusamba asanakwane zaka 50 apitirize kulera zaka ziwiri kuchokera pa msambo womaliza, wopitirira 50 chaka chimodzi. Amene ali pa Depo sungadalire msambo, chifukwa jakisoniyo payekha amauimitsa. Kwa amayi anuwa lupu ya kopa sindingathamangire, imatha kuchulukitsa magazi. Ngati sasuta, BP ili bwino, alibe mutu waching'alang'ala ndipo magazi sanawaundanepo m'mitsempha, mapiritsi a mahomoni awiri aja angawathandize mbali zonse, kulera, kukhazikitsa msambo ndi kuchepetsa kutenthako, mpaka zaka 50. Koma zimenezo pambuyo pa speculum.

HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa mbali ya ku Jali: Kumudzi kuno amayi ena amandiuza kuti ukasiya kusamba usagonenso ndi mwamuna, akuti mimba imatupa chifukwa palibe chotsuka. Mabanja ena asokonekera nazo. Ndiziwayankha chiyani mabwana?

Mzamba wamkulu: Auzeni kuti palibe chimene chimaunjikana m'mimba. Chimene chimachitikadi n'choti estrogen akachepa kunjira kumauma, ndiye pogonana zimawawa, mayi n'kumakana osanena chifukwa. Mafuta ofewetsera osungunuka m'madzi amathandiza. Vaseline ayi ngati akugwiritsa kondomu, amaiboola. Mimba ikatupadi, abwere tiwaone, asakhale nayo kunyumba. Muziwalimbikitsanso matemba a ku Chilwa ndi usipa, zodyera limodzi ndi minga yake, komanso bonongwe, chifukwa mafupa amayamba kufooka estrogen akatsika. Tiyi wamadzulo, mowa ndi tsabola wambiri achepetse, pogona avale zopepuka, madzi akumwa akhale pafupi.

Namwino wa ku OPD: Zikomo nonse. Mimba palibe, Hb yatsikako ndiye ndawapatsa mapiritsi owonjezera magazi. Khomo la chiberekero pa speculum likuoneka bwino, VIA ndawalembera Lachinayi. Zodzipha akuti sanaganizepo. Nditawafotokozera za mahomoni anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye kuti sindikufa?" Apempha kuti Lachinayilo abwere ndi abambo akunyumba adzamve okha. A Sister a kulera, ndiwatumiza kwa inu akatuluka ku VIA.

Namwino wa kulera: Abwere ndi buku lawo, BP ndidzayezanso ndekha.