Thandizeni: wakupha akudziwika msanga m'buku langa lachikondi

Moni nonse, alembi anzanga. Ndikulemba buku lachikondi, lofatsa osati loopseza, lochitikira ku Bath, England, mu 1815. Mtsikana wodziwa zitsamba ndi matsenga akufufuza imfa ya mwini nyumba ya alendo, mothandizana ndi vampire (munthu wakufa wa m'nthano amene amayenda n'kumamwa magazi a anthu) yemwe wagwa naye m'chikondi.

Vuto nali: vampire amamva kugunda kwa mtima, ndiye wabodza amamuzindikira pompo, chinsinsi n'kuthera pa mutu 4 mwa mitu 20. Ndayesa lamulo loti asamalowe m'nyumba osaitanidwa, koma oganiziridwawo amakumana nawobe kumagule a ku Assembly Rooms, holo ya zisangalalo ya ku Bath. Ndayesanso kumufooketsa ndi adyo, koma chikondi chinazirala poti awiriwa anasiya kufufuzira limodzi, pomwe kukoma kwa nkhaniyi kwagona pamenepo.

Kodi mphamvu imeneyi ndingaichepetse bwanji popanda kupusitsa owerenga?